Ndere ya pamtengo si matenda

Pa makungwa a mitengo ya m'nkhalango za Phiri la Mulanje, ngakhalenso pa mapeyala ndi mango a m'midzi ya m'munsi mwa phirili, pamamera kanthu kotuwa kokhala ngati timasamba tomatirira pa khungwa. Imeneyi ndi ndere ya pamtengo. Ambiri akaiona amati mtengo wadwala, n'kuyamba kupala ndi chikwanje. Koma ndereyi sidya mtengo, ndipo umboni wake uli m'mene inapangidwira.

Tiyambe ndi kuizindikira. M'mbali mwake imatukuka pang'ono, moti chikhadabo chimatha kulowa kunsi kwake. Ikauma imakhala yotuwa ngati phulusa, koma mukaidonthezera madzi, posakhalitsa imabiriwira. Mukaitembenuza mupeza kunsi kwakuda kapena kofiirira, kokhala ndi tiubweya tatifupi. Musaisokoneze ndi ina ija imene imalendewera ngati ndevu za nkhalamba pa mikungudza ya pamwamba pa phiri. Ndi pachibale, koma maonekedwe ndi osiyana. Tsono tiubweya tija si mizu ayi. Ntchito yake ndi kugwira khungwa kuti mphepo isaichotse, basi. Chakudya ndere imadzipangira yokha, chifukwa m'thupi mwake muli zamoyo ziwiri, monga anafotokozera katswiri wa zomera wa ku Switzerland, Simon Schwendener, mu 1867. China ndi cha mtundu wa bowa: chimamanga nyumba ndi kusunga madzi. China ndi tizomera tobiriwira tosaoneka ndi maso, timene timapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa n'kugawirako mnzake uja. Madzi amachokera ku mvula, mame ndi nkhungu. N'chifukwa chake ndere imachuluka kuno ku Mulanje, kumene chiperoni chimanyowetsa mitengo ngakhale m'miyezi ya June ndi July mvula itasiya.

Wina anena kuti, "Nanga bwanji mtengo wofota ndiwo umadzaza ndere?" Funsoli ndi lomveka, pakuti zimaonekadi choncho. Koma chimayamba ndi kufota. Mtengo ukakalamba, ukagwidwa ndi chiswe kapena ukasowa chonde, masamba amayoyoka, dzuwa n'kuyamba kufika pa nthambi, ndipo ndere imapeza kuwala kumene imafuna. Komanso taonani pa miyala ya phirili: ndere zimamera pa thanthwe lopanda kanthu koti n'kuyamwa. Chimene chimayamwadi mtengo ndi chomera chija cha tizipatso tonanda timene anyamata amapangira ulimbo, chifukwa icho chimaboola nthambi n'kulowa mkati.

Chodetsa nkhawa n'chakuti ndere imakula pang'onopang'ono, mamilimita ochepa pa chaka, ndipo ilibe khungu loiteteza ku utsi. Moto wolusa ukadutsa m'nkhalango, kapena mitengo ikadulidwa kuotchera makala, malo amauma ndipo ndere imene inatenga zaka zambiri kuti ikule imatha tsiku limodzi. Nako kupala kuja kumasiya bala pa khungwa, ndipo pabalapo ndi pamene tizilombo ndi matenda enieni amalowera mu mtengo wa mapeyala.