Phunziro la ziweto: dziwani matenda musanabaye jakisoni

Ndisanabwere kuno ku Tongogara ndinakhala zaka zingapo ku Iminyela, mumzinda wa Bulawayo. Kumeneko munthu akangolandira foni yoti ng'ombe ikudwala kumudzi, amathamangira m'tauni kukagula Berenil n'kuitumiza pa basi. Nthawi zina ng'ombe imachira, nthawi zina imafa, ndalama n'kupita pachabe. Chifukwa chake n'chakuti matenda a tizilombo ta m'magazi alipo angapo ndipo onse ali ndi mankhwala awoawo. Popeza ambiri a ife tikuweta mbuzi, ena akuweta ng'ombe mothandizana ndi anthu a m'midzi yotizungulira, ndati tiphunzire limodzi.

Matenda obwera ndi nkhupakupa

Oyamba ndi amene kuno amati January disease, omwe ndi pachibale ndi chigodola cha ku Malawi. Amafala m'nyengo ya mvula kudzera mwa nkhupakupa zofiirira zokonda kukhala m'makutu. Kuyambira mu 2017 matendawa apha ng'ombe zochuluka kwambiri m'Zimbabwe muno. Ng'ombe imatentha thupi, imatupa mwanabere pansi pa khutu ndi kutsogolo kwa phewa, imatuluka misozi ndipo imapuma movutikira. Mankhwala ake ndi buparvaquone, yemwe m'sitolo ambiri amamudziwa ndi dzina loti Butalex. Mlingo wake ndi 1 ml pa makilogalamu 20 alionse, kubaya m'mnofu wa pakhosi. Berenil sachiza matendawa. Lamulo limafunanso kuti mukawaona mukanene ku ofesi ya zaziweto.

Achiwiri ndi matenda okodza magazi. Tizilombo timaswa magazi, n'chifukwa chake mkodzo umafiira ndipo m'zikope mumayera. Apa Berenil kapena imidocarb ndi amene amagwira ntchito.

Achitatu ndi heartwater, omwe oweta mbuzi ayenera kuwadziwa bwino. Amabwera ndi nkhupakupa zazikulu zamawangamawanga. Mbuzi imayenda mozungulira, kenako imagwa n'kumapalasa miyendo. Oxytetracycline, monga Terramycin, amathandiza ngati mwabaya thupi litangoyamba kutentha. Ikafika pogwa, kawirikawiri mumakhala mutachedwa.

Matenda obwera ndi ntchentche

Ntchentche za kashembe zimapezeka m'chigwa cha Zambezi, m'madera monga Binga ndi Kariba. Zimafalitsa nagana, matenda omwe tizilombo take tinapezedwa ndi David Bruce ku Zululand m'zaka za m'ma 1890. Ng'ombe imangowonda pang'onopang'ono ngakhale msipu ulipo, ndipo imalephera kukoka ngolo. Berenil amachiza, pamene Samorin amateteza chiweto kwa miyezi iwiri kapena itatu.

Abale athu a ku Somalia ndi ku Ethiopia amadziwa matenda ena a mtundu womwewu otchedwa surra, amene amagwira ngamila ndi akavalo. Griffith Evans anaona tizilombo take koyamba mu 1880 ku India. Surra safuna kashembe, ntchentche zina zoluma zimawafalitsa. Chofunika kukumbukira n'chakuti Berenil yemwe amachiza ng'ombe akhoza kupha ngamila. Ngamila ili ndi mankhwala ake, Cymelarsan. Agalu nawonso amafa msanga mlingo wa Berenil ukapitirira, choncho musamabaye galu nokha.

Kagwiritsidwe ntchito ka mankhwala

Yambani ndi kuyeza kutentha kwa thupi. Ng'ombe ikapitirira madigiri 39.5 ndiye kuti zinthu sizili bwino. Itanani mlangizi wa ziweto kuti atenge kadontho ka magazi kukhutu akapime, chifukwa matendawa amayamba mofanana.

Dziwani kulemera kwa chiweto. Kapaketi kakang'ono ka Berenil ka magalamu 2.36 kamasungunulidwa m'madzi okwana 12.5 ml, owiritsa n'kuwasiya azizire, ndipo kamakwanira ng'ombe imodzi ya makilogalamu 300. Ena amagawira ng'ombe ziwiri zazikulu kapaketi kamodzi pofuna kusunga ndalama. Mukatero tizilombo tofooka timafa koma tolimba timatsala n'kuswana, ndipo tsiku lina mankhwala omwewo sadzagwiranso ntchito m'khola lanu ngakhale la mnansi wanu.

Gulani m'sitolo yovomerezeka ndipo muone deti lothera mphamvu. Mankhwala ogulitsidwa pamsewu, amene akhala padzuwa kapena afufutika dzina, asiyeni. Singano muziiwiritsa musanabaye chiweto china, chifukwa singano yakuda imasamutsa tizilombo.

Pa botolo lililonse amalembapo masiku oyenera kudikira musanamwe mkaka kapena kupha chiweto. Tsatirani masikuwo, makamaka ngati mkakawo akumwa ndi ana.

Kupewa

Mankhwala a January disease ndi okwera mtengo kuposa dibi. M'nyengo ya mvula sambitsani ng'ombe sabata iliyonse. Matenda akabuka, a zaziweto amalangiza ndondomeko ya 5-5-4, kutanthauza kusambitsa pakapita masiku 5, kenako 5, kenako 4. Pakani mafuta opha nkhupakupa m'makutu ndi kunsi kwa mchira, poti dibi safika bwino m'malo amenewa. Chiweto chogula kumene chikhale pachokha kwa milungu ingapo, ndipo musasamutse ng'ombe popanda chikalata cha chilolezo.

Amene zikukuvutani kuwerenga Chingerezi cha pa botolo, bwerani nalo kwa ife odzipereka tiwerenge limodzi musanabaye.