Za Kuyendetsa Kompyuta Popanda Mausi

Munthu amene wazolowera kompyuta amayesa kuti mausi ndi chiwalo chake chobadwa nacho, monga dzanja pa thupi. Si choncho ayi. Kachipangizo aka, kamene adakatcha dzina la mbewa m'Chingerezi chifukwa cha chingwe chake chonga mchira, kadabwera pambuyo. Adakaganiza ndi Douglas Engelbart wa ku Stanford Research Institute ku California. Koyambako kadali kabokosi ka thabwa kokhala ndi timagudumu tiwiri, ndipo adakaonetsa poyera ku San Francisco pa 9 Disembala 1968. Koma kadayamba kufala m'nyumba ndi m'maofesi pamene Apple idatulutsa Macintosh m'chaka cha 1984.

Tsono popeza mausi idali mlendo, opanga mapulogalamu adayenera kumafunsa makina ngati mlendoyo wafika. Pa nthawi ya DOS, pulogalamu inkagogoda pa khomo lotchedwa interrupt 33h, itaika 0 m'kabokosi ka chiwerengero kotchedwa AX. Mausi ikakhalapo pamodzi ndi kapulogalamu koiyendetsa, m'kabokosimo munkabwerera FFFF, ndipo m'kanzake kotchedwa BX munkapezeka chiwerengero cha mabatani ake; ikasowa, munkabwerera 0. Pa Windows funsolo amalifunsa ndi lamulo la GetSystemMetrics, potchula SM_MOUSEPRESENT. Koma apa pali msampha. A Microsoft eni ake amachenjeza kuti yankho loti palibe mausi silibwera kawirikawiri, pakuti makina ena amangoona polowetsera mausi nayesa kuti mausiyo ilipo.

Ngakhale yankholo likhale loona, silithetsa mlandu, pakuti makina amadziwa za chipangizo, osati za munthu. Mausi ingakhale pa tebulo, yolumikizidwa bwino, koma wokhala pa mpandoyo ndi wosaona, amene kamuvi koyendayenda pagalasi sikamuuza kanthu. Kapena ndi nkhalamba yonjenjemera manja. Kapena ndi kalaliki wothyoka mkono. Pulogalamu imene ikamva kuti "inde, ilipo" ibisa ntchito zake kuti zifikike ndi kamuvi kokha, yamutsekera kunja munthu ameneyu: kalata yake yofunsira ntchito angailembe yonse, nalephera kufika pa batani loitumizira. Ulesi wa wopanga pulogalamu ndiwo wamulepheretsa, osati kulumala kwake. N'chifukwa chake malangizo otchedwa WCAG 2.0, amene bungwe la W3C lidatulutsa m'chaka cha 2008, amati ntchito za pa tsamba la intaneti zizitheka ndi kiyibodi, ndiponso kuti munthu akalowa pena ndi kiyibodi azithanso kutulukapo nayo. Anthu osaona amadalira zimenezi, pakuti mapulogalamu owawerengera mokweza, monga NVDA yaulere imene Michael Curran wa ku Australia adaiyamba m'chaka cha 2006, amayendetsedwa ndi mabatani.

Wophunzira wa maso abwino asayese kuti phunziroli ndi la ena. Mausi imafa, ndipo imakonda kufa pamene ntchito ya maola atatu isanasungidwe. Choyamba kudziwa tsono ndi Ctrl pamodzi ndi S, mabatani osungira ntchito.

Pa Windows, mfumu ya mabatani oyendera ndi Tab. Akalidina, kampanda kosonyeza pamene munthu ali kamadumpha kuchoka pa chinthu china kunka pa chotsatira. Akadina Shift pamodzi ndi Tab, kamabwerera m'mbuyo. Maso azitsata kampandako monga momwe ankatsatira kamuvi, ndipo apa ndi pamene oyamba ambiri amasokera. Akafika pamene akufuna, Enter amavomera, Esc amakana, ndipo batani lalitali la pansi limachonga timabokosi. Alt ndi Tab amasinthanitsa mapulogalamu otsekulidwa. Alt ndi F4 amatseka imene ili pamwamba. Batani la chizindikiro cha Windows limatsekula poyambira, ndipo munthu amangolemba dzina la pulogalamu nadina Enter. Ntchito ya batani la kumanja la mausi imachitika ndi Shift pamodzi ndi F10. Kukopera ndi Ctrl ndi C, kumata ndi Ctrl ndi V, kubweza cholakwa ndi Ctrl ndi Z. Pa makina a Apple, Command ndiye amalowa m'malo mwa Ctrl pa zimenezi.

Akakumana ndi pulogalamu youma mutu, yofuna kamuvi basi, njira ilipobe. Adine Alt wa kumanzere, Shift wa kumanzere ndi Num Lock pamodzi, navomere funso limene lioneke. Pamenepo manambala a kumanja kwa kiyibodi amasanduka mausi: 8 amakweza kamuvi, 2 amakatsitsa, 4 ndi 6 amakapititsa uku ndi uku, ndipo 5 amadina. Kamayenda ngati nkhono, koma kamafika.

Pofuna kuzolowera, wophunzira azule mausi naiike m'kabati kwa ola limodzi tsiku lililonse. Zala ziwiri zolozera azikhazike pa F ndi J, pamene pali timizere totukuka tomveka ndi khungu. Atsekule pulogalamu yolembera, alembe kalata, aisunge, aitseke, kenaka aifunefune ndi kuitsekulanso.