Pa Sitima ya Panyanja Yamchere, Mbendera Ndiyo Imalamula

Munthu wokulira ku Kachulu amadziwa kuti akaberedwa m'boti popita ku Chisi pa nyanja ya Chilwa, kodandaula n'kwapafupi: amfumu alipo, apolisi a ku Zomba alipo, lamulo ndi la Malawi. Abale athu a ku Joni, Durban ndi Cape Town amene ayamba kukwera sitima zikuluzikulu zokasangalala asayembekezere zomwezo. Pangano la United Nations la 1982 limapatsa dziko mphamvu pa madzi ofika mamailosi 12 a panyanja kuchokera pagombe. Kupyola apo, mlandu wochitika m'sitima umagwera dziko limene sitimayo inalembetsedwa, ndipo zambiri zimauluza mbendera ya Panama, Malta kapena Bahamas. Mayi wogwiriridwa usiku pakati pa Durban ndi Mozambique angapeze kuti oyenera kufufuza ali kutsidya la nyanja, pomwe alonda omufunsa mafunso ndi antchito a kampani, si apolisi. Pasipoti ya Malawi siisintha zimenezi.

Wina anganene kuti sitimazi n'zodalirika kuposa boti lodzaza anthu ndi matumba a matemba pa Chilwa. N'zoona, ndipo maulendo ambiri amatha bwino. Koma kulimba kwa chombo sikutsimikiza kuti eni ake akuimirirani pa tsiku la tsoka. Sitima ya Oceanos itayamba kumira mu Ogasiti 1991 ikupita ku Durban, kaputeni anachoka okwera ambiri akadali momwemo, ndipo oyimba ndi osangalatsa alendo ndiwo anathandiza kuti anthu onse 571 apulumuke. Ku Italy mu 2012, Costa Concordia inapha anthu 32. Ngozi imeneyi itachitika, lamulo linakhwima: kuyambira 2015, okwera amaphunzitsidwa kothawira sitima isananyamuke kapena ikangonyamuka. Phunzirolo musamalizembe.

Chitetezo chotsala chili m'manja mwanu. Werengani tikiti musanalipire, chifukwa ndiyo imatchula khoti lokasumira ndi nthawi yake. Pangano la Athens la 1974 limapereka zaka ziwiri pa kuvulala, pomwe matikiti ambiri a sitima zonyamukira ku America amapereka chaka chimodzi chokha. Gulaninso inshuwalansi yaulendo. Choipa chikakugwerani, lembetsani dandaulo nthawi yomweyo ndipo mutenge kope lake. Wogwiriridwa aonane ndi dokotala wa m'sitima asanasambe, zovala azisunge. Padoko loyamba kanenani ku polisi, kenako dziwitsani ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria. Musadikire kufika kunyumba, chifukwa pofika tsikulo mboni zimakhala zitabalalika kupita kumayiko awo.