Phunziro likayambira kunyumba

Tinazolowera kuti mphunzitsi amaima kutsogolo n'kufotokoza phunziro latsopano, ana akukopera zimene walemba pa bolodi. Belu likalira amawapatsa ntchito yokachitira kunyumba. Vuto lake mukulidziwa, amayi. Mwana amakasowa pogwira pa samu yachitatu usiku, mphunzitsi ali kwawo, ndipo amene ali pafupi ndinu, mwina masamuwo munasiyana nawo kalekale.

Pali njira ina yophunzitsira imene pa Chingerezi amati flipped classroom, kutanthauza kalasi yotembenuzidwa. Mwana amayamba kukumana ndi phunziro latsopano ali kunyumba, poonera vidiyo yaifupi kapena kuwerenga masamba ochepa. Mawa lake m'kalasi ndi momwe amachitira zovuta zija: kuwerengera masamu, kuyesa zinthu, kufunsa mafunso, mphunzitsi akuzungulira pakati pa ana kuona amene wasokonezeka.

Amene anatchukitsa njirayi ndi aphunzitsi awiri a chemistry, a Jonathan Bergmann ndi a Aaron Sams, pa sukulu ya Woodland Park ku Colorado m'dziko la America. Ana awo ambiri ankaphonya maphunziro chifukwa cha maulendo ataliatali okachita masewero ndi masukulu ena. Mu 2007, atatopa ndi kubwereza phunziro limodzimodzi kwa aliyense wojomba, anayamba kujambula maphunziro awo. Kenaka anaona kuti ngakhale ana amene analipo m'kalasi ankaonera nawo. Vidiyo umatha kuiimitsa ndi kuibwezera m'mbuyo kangapo popanda manyazi, pomwe mphunzitsi sungamuuze kuti abwereze katatu anzako akukuyang'ana. Ana opanda intaneti ankawaikira maphunzirowo pa ma DVD. Mu 2012 awiriwa anatulutsa buku lotchedwa Flip Your Classroom.

Komatu mtima wa njirayi si vidiyo. Kale m'zaka za m'ma 1990, a Eric Mazur, mphunzitsi wa physics pa yunivesite ya Harvard, ankauza ophunzira awo kuti awerengeretu asanabwere. M'kalasi ankangofunsa funso, aliyense n'kuyankha, kenaka n'kutembenukira kwa mnzake kuti amutsimikizire yankho lake. Buku ndi mnzako wokambirana naye zinali zokwanira. Ndiye sukulu yopanda magetsi ikhoza kuyesa njirayi, bola mabuku alipo oti mwana n'kupita nalo kwawo.

Apa ndi pomwe nkhaniyi ikutikhudza ife. Njirayi yonse yatsamira pa zimene zichitike kunyumba madzulo. Mwana amene sanawerenge amafika m'kalasi anzake akukambirana zinthu zomwe iye sanazimvepo, ndipo palibe amene afotokozenso kuyambira pachiyambi. Amatsalira kuposa momwe akadatsalira m'kalasi yachizolowezi. Ndipo tinene zoona, amene amasowa mpata kawirikawiri ndi mtsikana. Akaweruka amakatunga madzi, kuphika, kutsuka mbale, kubereka mwana, mchimwene wake ali ku mpira. Pofika nthawi yoti atsegule buku, maso alemera ndipo nyali yazima. Tinaziona mu 2020 masukulu atatsekedwa chifukwa cha Covid-19: maphunziro ankaulutsidwa pa wailesi, koma si mwana aliyense amene anali ndi wailesi kapena nthawi yoimvera.

Simufunika kudziwa physics kuti muthandize. Patulani theka la ola loti mwana asatumidwe, ntchito za madzulo muzigawe mofanana pakati pa anyamata ndi atsikana. Akamaliza mufunseni kuti, "Wawerenga chiyani? Tandiuza m'Chichewa." Pomwe wayamba kudodoma ndi pomwe sanamve, ndiye alembe funsolo m'kope akalipereke kwa aphunzitsi mawa.

Aphunzitsi nawonso tiziwafunsa. Ngati mphunzitsi angotumiza vidiyo pa WhatsApp, mawa lake n'kupitirira mutu wina osayang'ana amene wamva ndi amene sanamve, ameneyo sanatembenuze kalasi, wangotula katundu wake pamutu pa makolo. Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi funsani kuti mwana wopanda foni, kapena amene kwawo sangagule bandulo, akonzekera bwanji.

Mukakumana pa gulu mwezi uno, aliyense anene zimene mwana wake wamkazi anachita dzulo kuyambira poweruka mpaka pogona, ndipo muwerengere limodzi mphindi zimene zinatsalira buku.