Phunziro la Chitukuko: Laputopu Yakale, Tiikonze Kapena Tigule Ina?

M'makomiti ambiri a chitukuko, m'magulu a banki m'khonde, m'makalabu a achinyamata ndi m'maofesi a aphunzitsi aakulu muli laputopu imodzi imene imasenza ntchito yonse. M'menemo ndi momwe mumakhala minitsi ya misonkhano, mayina a anthu opindula ndi ntchito zachitukuko, kaundula wa ngongole ndi makalata opita ku khonsolo. Kawirikawiri laputopuyo inabwera ngati mphatso yochokera ku bungwe lina kapena kwa mbale wa ku Joni, ndipo tsopano yakalamba. Imachedwa kuyaka, imatentha, ndipo magetsi akangozima nayonso imazima. Nkhaniyi ikafika pamsonkhano anthu amagawikana: ena amati tisonkhe tigule ina, ena amati tiipereke kwa mmisiri.

Nkhaniyi si yaing'ono. Makompyuta ndi zipangizo zake zonse zimachokera kunja, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya katundu wotere inakwera kwambiri. Gulu likalakwitsa, limataya ndalama zimene zikanagula matumba a simenti kapena kubwereketsa mamembala. Cholinga cha phunziro lino ndi chakuti gulu lizitha kudziwa kaye chimene chavuta mu kompyuta yake lisanatulutse ndalama.

Ziwalo zinayi zofunika kuzidziwa

Taganizirani mayi amene akupeta chimanga. Chimanga chonse chili m'nkhokwe, koma iye amatapa chochepa n'kuika m'lichero kuti apete. Kompyuta imagwiranso ntchito motero. Nkhokwe ndi chosungira mafayilo, chimene chimakhala hard disk kapena SSD. Lichero ndi RAM, malo amene kompyuta imaikapo zinthu zimene ikugwiritsa ntchito panthawiyo. Mayi wopetayo ndi processor, chiwalo chimene chimachita ntchito yeniyeniyo. Lichero likachepa, mayiyo amangokhalira kupita kunkhokwe, ndipo nkhokweyo ikakhala yovuta kutapamo, ntchito imachedwa ngakhale mayiyo ali wamphamvu. Chiwalo chachinayi ndi batire.

Mwa ziwalo zinayizi, chosungira mafayilo, RAM ndi batire zimasinthika m'malaputopu ambiri akale. Processor ndiyo yovuta, chifukwa m'malaputopu ambiri inawotchereredwa pa bolodi yaikulu. Choncho funso lakuti tikonze kapena tigule limadalira kuti vuto lili pa chiwalo chosinthika kapena ayi.

Hard disk ili ndi mbale imene imazungulira maulendo 5,400 pa mphindi m'malaputopu ambiri, pamodzi ndi kadzanja kowerenga zimene zili pa mbaleyo. Imawerenga pafupifupi ma megabyte 100 pa sekondi. SSD ilibe kanthu kozungulira, ndipo yamtundu wa SATA, imene imalowa pamalo pomwe panali hard disk, imafika ma megabyte 500 pa sekondi. Kwa ife amene timanyamula laputopu pa kabaza m'misewu yokumbikakumbika, SSD ili ndi ubwino winanso: siwonongeka msanga ndi kugwedezeka.

Yezani matenda musanagule mankhwala

Mlembi wa komiti angathe kuyeza yekha zinthu zitatu popanda kulipira aliyense.

Choyamba, yatsani kompyuta, mutsegule mapulogalamu amene mumagwiritsa ntchito masiku onse, kenako mudine pamodzi mabatani a Ctrl, Shift ndi Esc. Padzatseguka Task Manager. Pagawo lolembedwa Performance mudzaona mizere ya CPU, Memory ndi Disk. Ngati Disk ikukhala pa 100 peresenti nthawi yaitali pamene CPU ili pansi, vuto ndi hard disk, ndipo SSD idzalithetsa. Ngati Memory yadzaza kupitirira 80 peresenti, RAM yachepa. Koma ngati CPU ndiyo ikukhala pa 100 peresenti pa ntchito wamba monga kulemba kalata, ndipo kompyutayo ilibe mavairasi, ndiye kuti processor yatsalira m'mbuyo.

Chachiwiri, pagawo lomwelo werengani dzina la processor ndipo mulilembe papepala monga momwe lalembedwera. Dzinali tilifuna m'gawo lotsatira.

Chachitatu, ikani dzanja pomwe pamatulukira mphepo. Ngati fani ikulira kwambiri koma mphepo ikutuluka yochepa, njira zake zatsekeka ndi fumbi. Processor ikatentha kwambiri imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse. Kuno kwathu, kumene fumbi limachuluka m'chilimwe ndipo kumatentha kwambiri mu Okutobala ndi Novembala, makompyuta ambiri amene timati akalamba amangofunika kupukutidwa m'kati ndi kupakidwanso phala lothandiza kuchotsa kutentha pa processor. Imeneyi ndi ntchito yotsika mtengo kuposa zonse.

Msinkhu wa processor ndi nkhani ya Windows

Anthu ambiri amanyengeka ndi mawu akuti Core i5 kapena Core i7, poganiza kuti i7 iliyonse imaposa i5 iliyonse. Chofunika kwambiri ndi m'badwo wa processor, umene umadziwika ndi nambala yoyamba pambuyo pa kamzere. Core i5-3320M ndi ya m'badwo wachitatu, wa chaka cha 2012. Core i5-8250U ndi ya m'badwo wachisanu ndi chitatu, wa 2017. Nambala ikakhala ngati i5-10210U, manambala awiri oyamba ndiwo akuonetsa m'badwo wakhumi. Motero i5 ya 2017 imaposa ma i7 ambiri a m'malaputopu a 2012.

M'badwowu ndi wofunika chifukwa cha Windows. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa amene analembetsa mwapadera kuti alandirebe chitetezo kwa kanthawi. Izi sizitanthauza kuti kompyuta imasiya kuyaka. Zimatanthauza kuti mipata yatsopano imene akuba a pa intaneti amaitulukira sitsekedwanso. Windows 11, imene ikusamaliridwabe, imafuna processor ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kapena kuposerapo, kapena AMD Ryzen yoyambira pa gulu la 2000, kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, RAM yosachepera 4 GB ndi malo osungira osachepera 64 GB.

Alipo amisiri amene amaika Windows 11 mokakamiza pa makina akale. Imayaka ndithu, koma Microsoft sinalonjeze kuti makina otere azilandira zokonzanso zonse. Gulu losunga ndalama za anthu lisadalire njira imeneyi.

Pamene kukonza kuli kwanzeru

Ngati processor ndi ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kapena kuposerapo, ndipo sikirini, kiyibodi ndi mahinji zili bwino, musagule ina. Ikanimo SSD ya 256 GB, imene ndi yokwanira makalata, malipoti ndi zithunzi za ntchito, ndipo muwonjezere RAM ifike 8 GB. Kompyuta imene inkatenga mphindi zingapo kuti iyake idzayamba kuyaka mphindi imodzi isanakwane.

Pogula RAM samalani ndi mtundu wake. Malaputopu ambiri a m'mbuyo mwa 2015 amagwiritsa ntchito DDR3, pamene ambiri a m'zaka zotsatira amagwiritsa ntchito DDR4. Mitundu iwiriyi silowerana, chifukwa kampata ka pa mano ake kali pamalo osiyana. M'malaputopu ena opyapyala RAM inawotchereredwa ndipo siwonjezereka. N'chifukwa chake mmisiri ayenera kutsegula ndi kuona kaye musanagule kanthu. Safunsa anadya phula.

Nanga ngati processor ndi yakale kuposa pamenepa? Laputopu yotere sinathe ntchito. Ikaikidwa SSD ndi Linux Mint kapena Lubuntu, zimene ndi zaulere ndipo zimalandira chitetezo nthawi zonse, imathandizabe. Polemba makalata ndi kuwerengera ndalama pali LibreOffice, yaulerenso, imene imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Chovuta chake n'chakuti mlembi amafunika masiku angapo kuti azolowere, ndipo mapulogalamu ena opangidwira Windows yokha sagwira. Musanasankhe njirayi, funsani ngati bungwe kapena ofesi imene mumatumizako malipoti ili ndi pulogalamu yake imene imafuna Windows, ndipo muyese ngati makina anu osindikizira akugwira.

Pamene kugula ina kuli koyenera

Pali zizindikiro zimene zikaoneka, ndalama zokonzetsera zimangolowa m'madzi. Ngati kompyuta imadzizimira yokha ngakhale itapukutidwa m'kati, ngati inathiridwapo madzi kapena tiyi, ngati polowera chaja panakonzedwapo kangapo, kapena ngati sikirini, batire ndi kiyibodi zonse zikufunika kusintha panthawi imodzi, bolodi yaikulu kapena thupi lonse lafika kumapeto. Langizo losavuta ndi ili: lembani mtengo wa zonse zofunika kusintha pamodzi ndi malipiro a mmisiri. Zikapitirira theka la mtengo wa laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito ya m'badwo wachisanu ndi chitatu, ndi bwino kusunga ndalamazo kuti mudzagule imeneyo.

Kugula ina sikutanthauza kugula ya m'katoni. Malaputopu amene anapangidwira maofesi, monga Lenovo ThinkPad, Dell Latitude ndi HP EliteBook, amakhala olimba, amatseguka mosavuta ndipo zipangizo zake zimapezeka. Yotere, ngakhale itagwiritsidwapo ntchito, kawirikawiri imaposa yatsopano yotchipa yokhala ndi processor ya Celeron, RAM ya 4 GB yowotcherera ndi kosungira ka 64 GB kamene kamadzaza msanga.

Komabe chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musakhulupirire kapepala komatidwa pamwamba. Yatsani laputopuyo muli pomwepo, mutsegule Task Manager, muone nokha dzina la processor, kukula kwa RAM ndiponso ngati mulidi SSD. Dinani batani lililonse, yesani mabowo onse olowetsera fulashi, kamera ndi Wi-Fi. Zulani chaja kwa theka la ola muone mmene batire likutsikira. Batire lotupa, limene limatukula kiyibodi kapena malo oyendetsera chala, ndi loopsa chifukwa lingathe kuyaka moto. Onetsetsaninso kuti kompyutayo ilibe mawu achinsinsi a mwini wakale. Pomaliza, tengani lisiti lokhala ndi nambala ya makinawo ndi nthawi imene mungabweze akavuta. Lisitili limateteza gulu ku katundu wakuba, ndipo msungichuma amalifuna popereka lipoti.

Laputopu kapena kompyuta ya patebulo?

Kompyuta ya patebulo imakonzeka mosavuta ndipo sibedwa msanga, koma ilibe batire. Magetsi a ESCOM akazima mwadzidzidzi, zimene munali kulemba zimatayika, ndipo hard disk ingathe kuwonongeka. Chaja cha malaputopu ambiri chimakoka ma watt 45 mpaka 65, pamene kompyuta ya patebulo yakale pamodzi ndi sikirini yake ingathe kupitirira ma watt 100. Kumadera kumene timadalira sola, kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Kwa makomiti ambiri a m'wodi, laputopu yokhala ndi batire labwino ndiyo yoyenera. Pamene magetsi azima, zulani chaja pakhoma, chifukwa nthawi imene akuyakanso ndiyo imawotcha zipangizo zambiri.

Za m'kati n'zamtengo wapatali kuposa makinawo

Laputopu ikafa, ina imagulika. Kaundula wa ngongole wa zaka zitatu akatayika, gulu lingathe kupasuka chifukwa cha kukayikirana. Musanapereke kompyuta kwa mmisiri, koperani mafayilo onse ofunika pa fulashi, ndipo mutsegule ena mwa iwo pa kompyuta ina kuti mutsimikize kuti akopedwadi. Fulashiyo isungidwe ndi munthu wina, osati m'chikwama chimodzi ndi laputopu. Pambuyo poikamo SSD, hard disk yakale mutenge. Ndi katundu wa gulu, ndipo muli mayina, manambala a zitupa ndi za ndalama za anthu. Kufufuta fayilo sikuichotseratu, pakuti wodziwa angathe kuibwezeretsa.

Makina akatheratu ntchito asatenthedwe, asatayidwe m'chimbudzi kapena pafupi ndi chitsime. Muli mtovu ndi zinthu zina zoopsa ku thanzi zimene zimalowa m'nthaka ndi m'madzi, ndipo utsi wake umawononga mapapo. Aperekeni kwa amisiri amene amachotsamo zipangizo zogwirabe ntchito, mutachotsa kaye chosungira mafayilo. Ngati laputopuyo inaperekedwa ndi khonsolo kapena bungwe, funsani kaye eni ake musanaigulitse kapena kuitaya, ndipo chigamulocho chilembedwe m'minitsi.

Zoti mukambirane pamsonkhano wanu wotsatira

1. Kodi laputopu yathu imagwira ntchito zanji, ndipo pali pulogalamu imene imafuna Windows yokha?
2. Processor yake ndi ya m'badwo uti? Nanga Task Manager ikuonetsa kuti chodzaza ndi chiti?
3. Tafunsa mitengo kwa amisiri osachepera awiri, ndipo yalembedwa papepala?
4. Mtengo wokonzetsera ndi wochepera theka la mtengo wa ina yabwino?
5. Mafayilo athu anakopedwa komaliza liti, ndipo akusunga ndani?

Mayankho a mafunso asanuwa alembedwe m'minitsi ndipo awerengedwe kwa mamembala onse ndalama isanatuluke m'thumba la gulu.