Thovu Lolimba la Polyurethane ndi Madzi: Mafunso ndi Mayankho

Kodi thovu lolimba la polyurethane n'chiyani?

Ndi pulasitiki wopepuka amene amapangidwa posakaniza mankhwala awiri amadzimadzi, polyol ndi isocyanate, omwe akakumana amatentha, kufufuma ndi kuuma m'mphindi zochepa. Otto Bayer ndi anzake ndi amene anatulukira polyurethane ku Germany mu 1937, ndipo masiku ano opanga maboti amathira thovuli m'mipata ya pansi ndi ya m'mbali kuti boti likabooka lisamire.

Nanga limayandamitsa bwanji boti?

Kiyubiki mita imodzi ya thovu la m'maboti imalemera makilogalamu pafupifupi 32, pamene madzi ochuluka chimodzimodzi amalemera makilogalamu 1,000, choncho thovulo likhoza kunyamula katundu woposa makilogalamu 900 lisanamire. Madzi alionse amene lamwa amachotsera pa mphamvu imeneyi.

Kodi thovuli limamwa madzi?

Limamwa pang'ono. M'kati mwake muli timabowo ta mpweya tosawerengeka, ndipo likapangidwa bwino, toposa 90 pa 100 tilitonse timakhala totsekeka mbali zonse, mosiyana ndi siponji ya matiresi imene mabowo ake ndi olumikizana. Madzi amayamba kulowera pamene mpeni kapena sowo yang'amba timabowoto. Poyesa motsatira muyezo wa ASTM D2842, chidutswa chimamizidwa kwa maola 96, koma nthawi imeneyi ndi yochepa poyerekeza ndi zaka zimene thovu limakhala m'chinyontho cha pansi pa boti.

N'chifukwa chiyani thovu la maboti ena akale limapezeka litakhuta madzi?

Kawirikawiri vuto limayambira pothira, chifukwa mankhwala akapanda kuyezedwa molondola, kusakanizidwa mokwanira, kapena akathiridwa pamalo ozizira ndi onyowa, thovu limatuluka lofumbutuka ndiponso la mabowo otseguka. Pambuyo pake kugunda kwa mafunde ndi kunjenjemera kwa injini kumaswa makoma a timabowo, ndipo m'mayiko ozizira madzi olowamo akaundana amatupa n'kuphwanya tina. Palinso hydrolysis, kutanthauza kuwola pang'onopang'ono kwa pulasitiki chifukwa cha madzi, kumene kumagwira msanga polyurethane wa mtundu wa polyester kuposa wa mtundu wa polyether. Boti la thovu lokhuta madzi limalemera, limatitimira kuposa kale ndipo limadya mafuta ambiri. Wokonza akadinikiza chala pathovu lake, madzi amatuluka.

Bwanji osangogwiritsa ntchito polystyrene, thovu loyera lotetezera katundu m'makatoni?

Polystyrene amasungunuka akakhudzana ndi petulo kapena utomoni wa polyester umene amamatira maboti a fibreglass, pamene polyurethane amapirira zonse ziwiri.

Kodi thovuli lingatetezedwe motani?

Malo onse odulidwa ayenera kumatidwa ndi utomoni kapena fibreglass, mabowo a zomangira atsekedwe, madzi apatsidwe njira yotulukira, ndipo thovu lisasiyidwe padzuwa chifukwa limasanduka lachikasu n'kumafumbutuka. Thovu limene lakhuta kale madzi siliuma msanga ngakhale boti litakhala pamtunda miyezi, motero njira yodalirika ndiyo kulikumba lonse, kuumitsa malowo, n'kuthira latsopano.