Kathumba ka Mtima Kakatupa

Amene anatumbulapo mbuzi akudziwa kuti mtima sukhala pamtunda. Umakhala m'kathumba kopyapyala. Mtima wa munthu ulinso m'kathumba kotere. Kathumbaka kali ndi zikopa ziwiri, ndipo pakati pake pali timadzi tochepa, mamililita 15 mpaka 50. Timadziti timathandiza kuti mtima uzigunda popanda kukhulika.

Nthawi zina kathumbaka kamatupa. Madokotala amati pericarditis. Munthu amamva kubaya pakati pa chifuwa kapena chakumanzere, mwina mpaka paphewa. Akagona chagada, ululu umakula. Akatsokomola kapena kukoka mpweya wambiri, umakulanso. Koma akakhala tsonga n'kuweramira kutsogolo, amapezako bwino. Chizindikiro ichi musachiiwale. Mukafika kuchipatala, muwauze adokotala, chifukwa chimawathandiza kwambiri. Ena thupi limatenthanso.

Adokotala amamvetsera pachifuwa. Zikopa zotupa zija zikamakhulana, pamamveka phokoso ngati la zikopa zouma zikupekesana. Amayezanso kagundidwe ka mtima ndi makina a ECG, n'kuunika ndi sikani kuti aone ngati madzi achuluka.

Chimayambitsa n'chiyani? Ku Ulaya, kawirikawiri ndi mavairasi. Kuno kwathu, madzi akadzaza m'kathumbaka, nthawi zambiri gwero lake ndi TB, makamaka kwa amene ali ndi HIV. Ambiri timaganiza kuti TB imagwira mapapo okha, koma ayi. Choncho adokotala akapempha kukuyezani TB ndi HIV, musakhumudwe. Vomerani.

Ngati ndi mavairasi, wodwala amalandira ibuprofen kapena aspirin, pamodzi ndi colchicine amene amamwa miyezi 3 kuti matenda asabwerere. Khasu, njinga ndi mpira zimayamba zadikira mpaka achire. Ngati ndi TB, mankhwala ake ndi a miyezi 6, osadumphitsa. Kusiyira panjira n'koopsa. TB imatha kuumitsa kathumbaka n'kumafinya mtima, ndipo pamafunika opaleshoni.

Choopsa kwambiri ndi madzi akachuluka msanga. Amapanikiza mtima moti sungadzaze magazi. Munthu amabanika, amafooka, amachita chizungulire, mitsempha ya m'khosi imatupa. Madziwo ayenera kuchotsedwa ndi singano mwamsanga, apo ayi munthu amamwalira.

Musangogula mapiritsi pagolosale. Ibuprofen amatha kuvulaza amene ali ndi zilonda zam'mimba kapena vuto la impso, ndipo kubaya kwa m'chifuwa kungakhalenso chibayo kapena matenda ena a mtima. Wachibale wanu akamadandaula ululu wotere, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.